Bambo amaphwanya ma TV akale ndi kuotcha mawaya pabwalo: kodi ana anga ali pangozi?

"Adokotala, ndine mayi wa ana awiri. Tikukhala ku Rosettenville kuno ku Johannesburg, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya lendi. Bambo a kunyumba ntchito ya ulonda inawathera chaka chatha, ndiye pano amayenda ndi trolley kutola zamagetsi zakufa: ma TV, mawailesi, makompyuta, mabatire a ma inverter. Amaziphwanyira pabwalo pomwepa, ndipo mawaya amaotcha madzulo kuti apeze kopa wokagulitsa ku sikirapu. Ndi zomwe zikutilipirira lendi. Mwana wamng'ono, wa zaka ziwiri, sakusiya kutsokomola chiyambire kuzizira, ndipo sakudya bwino. Wamkulu ali mu Grade 1, aphunzitsi akuti sakhazikika m'kalasi. Ine ndili ndi pakati pa miyezi inayi. Mnzanga wa ku tchalitchi akuti utsiwu umaononga ubongo wa ana. Ndikawauza bambo, akuti iwo amamwa mkaka akamaliza ndiye poizoni amatsukika. Kodi ndi zoona? Nanga nditani poti ndalama yathu ndi yomweyi?"

Mayi, zikomo polemba, ndipo pepani ndi nkhawa imene mwasenzayi pamwamba pa pakati ndi lendi. Ndiyambe ndi zokukhazikani mtima pansi. Mwana wa zaka ziwiri kutsokomola mu June ndi July kuno si zachilendo, makiliniki amadzaza nawo. Nawonso ana a Grade 1 osakhazikika pampando alipo ambirimbiri omwe sanaonepo ndi waya wootchedwa womwe. Ndiye sindingagamule pongowerenga kalata kuti zimene mukuonazi zabwera ndi ntchito ya bambo. Komabe mnzanu uja sananame, ndipo mwachita bwino kufunsa mimba ikadali yaing'ono. Zambiri zotetezera ana pa nkhaniyi sizilira ndalama, ndiponso sizifuna kuti bambo asiye kutola zinthu. Chofunika n'chakuti asinthe malo ogwirira ntchito ndi kagwiridwe kake, ndipo nonse mukayezetse magazi.

Inu maso anu ali pa utsi, poti ndi umene umaoneka ndi kununkha. Ndiukamba utsiwo. Koma pa zaka zimene ndakhala ndikuona ana a m'mabanja a ntchito zotere, chimene chimandisowetsa mtendere kwambiri ndi fumbi, makamaka fumbi la mtovu, chitsulo chimene pa chingerezi amati lead. Silinunkha, silitsamwitsa, ndipo mwana amene akulimeza tsiku ndi tsiku amatha kumasewera bwinobwino osaonetsa chizindikiro chilichonse. Mtovu umagwira ntchito ngati chiswe pa mtanda wa denga, kunja kukuoneka kwabwino m'kati mukudyeka.

M'katundu amene bambo akubwera nayeyo mtovu ulimo wambiri. Ma TV ndi makompyuta akale aja otupa kumbuyo, galasi lake la m'kati linasakanizidwa ndi mtovu, woposa kilogalamu imodzi pa TV yaikulu. Akalimenya ndi hamala, timagalasi ndi kaufa ka m'katimo zimamwazikira pansi. Timabolodi tobiriwira ta m'wailesi kapena m'kompyuta, tizigawo take anatimata ndi chitsulo chosungunula chimene pa zinthu zakale chimakhala ndi mtovu, ndipo akatiika pamoto kuti tizigawoto tithothoke, mtovuwo umauluka n'kudzatera pa zovala, pa mbale, pa mphasa. Koma choopsa kuposa zonse ndi batire. Batire ya galimoto, ya inverter, ya geti kapena ya alamu, m'kati mwake ndi timbale ta mtovu tomizidwa mu asidi, ndipo kuposa theka la kulemera kwake ndi mtovu. Mu 2022 ndi 2023, magetsi atafika pozimazima tsiku lililonse, nyumba zambiri zinagula mabatire amenewa. Sakhalitsa akamatsitsidwa moto kawirikawiri, ndiye ambiri anafa msanga n'kuthera m'manja mwa otola. Munthu akaswa batire yotere ndi kukhuthulira asidi pansi, mtovu umalowa m'dothi ndipo suola. Mudzasamuka pamalopo, adzabwera ena, mtovuwo ukadalipo. Ku Kabwe ku Zambia mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma mpaka lero ana a kumeneko akupezeka ndi mtovu wochuluka m'magazi chifukwa cha dothi limene amasewerapo.

Mawa m'mawa tangokhalani pakhomo mumuyang'ane wa zaka ziwiriyo kwa kanthawi. Akhala pansi pomwe bambo anamenyera hamala dzulo. Atola kabolodi kobiriwira chifukwa kakunyezimira, akaika kukamwa. Buledi amene mwamupatsa agwa pansi, atola, adya. Kenako chala pakamwa mpaka tulo. Umu ndi m'mene mtovu umalowera mwa ana, osati kwenikweni kudzera m'mphuno koma kudzera m'manja. Ndipo zikafika m'mimba, mwana ndi munthu wamkulu sakhala ofanana. Wamkulu thupi lake limatengako pang'ono, wambiri umatuluka ndi chimbudzi, pomwe mwana wamng'ono amatenga kanayi kapena kasanu kuposa pamenepo, malinga ndi bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO. Thupi la mwana limakhala likusakasaka kashiamu ndi ayironi zomangira mafupa ndi magazi, ndiye limausokoneza mtovu ndi zimenezi n'kuulandira. Mwana wochepa magazi, kapena amene m'mimba mulibe kanthu, amatenga wochuluka kwambiri. N'chifukwa chake mawu anu akuti wamng'onoyo sakudya bwino sindinawadumphe.

Ubongo wa mwana umamangika kwambiri kuyambira ali m'mimba mpaka zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, ndipo mtovu umasokoneza kamangidwe kameneka. Zotsatira zake zimaoneka mochedwa: kuchedwa kuyankhula, kuvutika kugwira zimene waphunzitsidwa, kusakhazikika, kupsa mtima msanga, nthawi zina kusamva bwino m'makutu. Palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene madokotala angati uwu ndi wabwinobwino. Ukachulukirapo ndi pamene mwana amayamba kudandaula m'mimba, kudzimbidwa, kuyera m'maso ndi m'manja, kufooka. Ukafika pachimake amasanza, amawodzera mosadziwika bwino, kenako kugwa linjirinjiri. Pakati pa November 2007 ndi March 2008, ana 18 anamwalira m'dera la Thiaroye-sur-Mer m'mbali mwa mzinda wa Dakar ku Senegal, kumene anthu ankaswa mabatire akale. Amayi ankasefa dothi la pamalopo kusaka tizidutswa ta mtovu togulitsa, ena kulinyamulira m'matumba mpaka kunyumba, ana ali pambali. Panapita nthawi anthu asanazindikire kuti chikupha anawo ndi mtovu. Sindikunena kuti pabwalo panu pafika pamenepo, ayi. Ndakamba izi kuti mumvetse chifukwa chake pa batire sindinyengerera: isaswedwe pakhomo, ngakhale kamodzi.

Inuyo muli ndi pakati, ndiye muli m'gulu lomwelo la ana. Mtovu umadutsa kuchoka m'magazi a mayi kupita kwa mwana m'mimba popanda chotchinga. Umachulukitsa chiopsezo cha kupita padera, kubereka masiku asanakwane, mwana kubadwa wochepa sikelo, komanso BP kukwera kwa mayi. Palinso china chimene ambiri sadziwa. Mtovu umene munthu anameza kale umasungika m'mafupa kwa zaka zambiri, ndipo mayi akakhala ndi pakati, thupi likamatapa kashiamu m'mafupa kuti limange mwana, nawonso umatuluka n'kubwerera m'magazi. Mayi amene akudya kashiamu wokwanira thupi lake silitapa kwambiri m'mafupa. Choncho mapiritsi a kashiamu ndi a ayironi amene amakupatsani ku sikelo musamawaiwale m'chikwama. Musathandize bambo kusanja zinthuzo, musachape ovolosi yawo ndi manja, ndipo akayatsa moto inu musakhalepo. Ndifunseponso, poti ndife amodzi: kodi dothi mukudya? Lija amagulitsa m'timapepala m'mbali mwa msewu pafupi ndi malenki a taxi. Ofufuza a South African Medical Research Council anapeza kuti amayi apakati ambiri kuno ku Johannesburg amalidya, ndipo dothi lotere limatha kukhala ndi mtovu ndi zitsulo zina. Chilakolako chake nthawi zambiri chimayendera limodzi ndi kuchepa kwa ayironi m'thupi, ndiye mukakhala nacho auzeni anamwino m'malo mochita nacho manyazi.

Tsopano utsi. Chikopa cha waya wamagetsi nthawi zambiri ndi pulasitiki ya PVC, ndipo ikamapsa pamoto wa pabwalo imatulutsa mpweya wa asidi umene umalasa pakhosi ndi m'maso, pamodzi ndi mwaye wosalala kwambiri wolowa mpaka m'kati mwa mapapo. Imatulutsanso mankhwala otchedwa dioxin, amene amamatirira m'mafuta a m'thupi kwa zaka, amasokoneza chitetezo cha thupi ndi kakulidwe ka mwana, ndipo amadziwika kuti amayambitsa khansa. Mapulasitiki a kunja kwa TV ndi kompyuta anawathira mankhwala oletsa kuyaka msanga, nawonso akapsa amatulutsa poizoni wa mtundu womwewo. Nyengo yozizira ya kuno imaonjezera vuto. Madzulo mphepo imaima, mpweya wozizira umakhazikika pansi, utsi sukwera kumwamba koma umangozungulira m'kati mwa mpanda n'kulowa pansi pa chitseko. Inu mumatseka mawindo chifukwa cha chisanu, utsiwo umagona nanu m'chipinda. Mwana amapuma mofulumira kuposa wamkulu, ndiye pa msinkhu wake amakoka wochuluka. Chifuwa chosatha, kulira kwa m'chifuwa usiku ndi kuyambika kwa mphumu zikhoza kuchokera apa. Ngati mumaothanso mbaula kapena hita ya parafini m'chipinda chotseka, zonsezi zikuphatikizana pa mapapo omwewo. Phulusa la moto wa mawaya lisafike pa dimba la masamba, ndipo ngati pali nkhuku zopalasa pamenepo mazira ake musadye. Ku Agbogbloshie mu mzinda wa Accra ku Ghana, kumene kunali malo otchuka ootcherako zamagetsi, mazira a nkhuku zoyenda pamalopo atayezedwa anapezeka ndi dioxin wochuluka koopsa.

Za mkaka, auzeni bambo mwaulemu kuti si zoona. Ndimazimva kawirikawiri kwa owotcherera zitsulo, opopera penti ndi a sikirapu omwe. Mkaka umapita m'mimba, utsi umapita m'mapapo, sizikumana. Mkaka ndi chakudya chabwino, amwe ndithu, koma sutsuka chilichonse. Chimodzimodzi mankhwala otsuka m'thupi amene amagulitsidwa m'mabotolo m'tauni, ndi zitsamba zotsegula m'mimba. Mwana musamupatse zimenezi.

Pali tinthu tina tiwiri kapena titatu toti musatiphonye. Machubu a magetsi aatali aja, mababu opindikapindika osunga magetsi, ndi timachubu ta kuseri kwa sikirini za ma laptop ndi ma TV akale opyapyala muli mercury, chitsulo chamadzimadzi chimene zinthuzi zikasweka chimasanduka mpweya wosaoneka woononga ubongo ndi impso. Chubu ikaswekera m'nyumba, tulutsani ana, tsegulani mawindo ndi chitseko kwa mphindi zosachepera khumi, ndipo wotola akhale bambo osati inu. Asasese ndi tsache, awole ndi kakatoni, totsalira atole ndi selotepu ndi pepala lonyowa, zonse aziike m'botolo lotseka. Kenako timabatire tating'ono tozungulira ngati kandalama, timene timapezeka pa bolodi la kompyuta, m'mawotchi ndi m'marimoti. Mwana akameza kabatire kamodzi n'kukakamira pakhosi, kamatha kuotcha njira ya chakudya m'maola awiri okha. Imeneyo ndi ngozi yothamanga nayo ku chipatala nthawi yomweyo, ngakhale mwanayo akuseka. Musamusanzitse. Ngati wapitirira chaka chimodzi ndipo uchi uli pafupi, mupatseni masupuni aang'ono awiri mphindi khumi zilizonse muli pa ulendo, osapitirira kasanu ndi kamodzi, koma musachedwe n'kufunafuna uchi. Mabatire a foni ndi a laptop otupa asabooledwe ndipo asagone m'chipinda chanu, amayaka okha ndipo moto wake ndi wovuta kuzimitsa.

Nanga bambo muwayankhule bwanji? Musayambe ndi mawu akuti mukutiphera ana. Munthu amene wakoka trolley kuchoka ku Turffontein mpaka ku Booysens kuti pakhomo pakhale ufa, akamva zimenezo amangotseka makutu. Yambirani ku thumba lawo. Ogula sikirapu amapereka mtengo wabwino pa kopa wosenda, wowala, kuposa wakuda wootchedwa. Kusenda ndi mpeni kumachedwa, inde, koma anzawo ambiri amakhomera kampeni pa thabwa n'kumakoka waya kudutsa pamenepo, ndipo pa waya wonenepa ntchito imayenda. Timawaya tating'ono tosasendeka tingagulitsidwe ndi chikopa chake pa mtengo wotsikirapo. Chachiwiri ndi lamulo. Second-Hand Goods Act ya 2009 imaletsa kupezeka ndi waya wa kopa umene chikopa chake chaotchedwa pokhapokha munthu atafotokoza zomveka za chifukwa chimene chikopacho chinapsera, chifukwa ndi m'mene akuba mawaya a Eskom ndi a njanji amabisira umboni. Munthu wobwera ngati ife, kugwidwa ndi thumba la kopa wootchedwa ndi mlandu umene sungathe bwino ngakhale waya unali wa m'bini. Batire nayo imagulidwa yathunthu pa sikelo, ndipo ogulitsa mabatire atsopano amalandira akale, ndiye kuiswa n'kudzivutitsa chabe. Mabolodi obiriwira alinso ndi ogula ake athunthu. Zoviika mabolodi mu asidi kuti apeze golide, zimene anyamata amaonera pa YouTube, asaziyese n'komwe. Mpweya wake umatha kudzaza madzi m'mapapo patapita maola angapo munthu akuganiza kuti ali bwino. TV yotupa kumbuyo, ngati angaitole, achotse zakunja ndi sikuludiraiva koma galasi alisiye lamphumphu.

Chachikulu pa zonse n'chakuti ntchitoyi ichoke pamene ana amakhala. Bwalo la nyumba ya lendi ndi laling'ono, ndipo pomwe bambo amaphwanyira ndi pomwe mumayanika zovala, kutsuka mbale ndi kukhazika mwana. Asanjire katundu wawo kumalo kumene otola anzawo amasanjira, kapena pafupi ndi kogulitsira, abwere kunyumba ndi ndalama osati ndi katundu. Ngati sizingatheke msanga, pakhale ngodya imodzi yotchinga, yoyalidwa pulasitiki yokhuthala, imene mwana sapondako. Nsapato ndi ovolosi za ku ntchito zisalowe m'chipinda, azivulira panja n'kuziika m'thumba lomanga. Asambe ndi sopo, ndi tsitsi lomwe, asananyamule mwana. Ndikudziwa kuti wamng'onoyo amawathamangira akangomva trolley pageti, ndipo kumukaniza n'kowawa, koma fumbi lambiri limalowa m'nyumba pa malaya a munthu amene ana amamukonda. Zovalazo azichape okha, padera, mu beseni lake, atavala magolovesi, ndipo madzi ake asathiridwe pomwe ana amasewera. Asadye kapena kusuta ndi manja a ku ntchito. Kansalu kophimba pakamwa kaja tinkavala nthawi ya Covid sikatchinga fumbi losalala, pamafunika masiki olembedwa FFP2 kapena FFP3 a m'mahadiweya, ndipo ngakhale amenewo satchinga mpweya wa pulasitiki yopsa.

M'chipinda, siyani tsache. Kusesa pouma kumangodzutsa fumbi kuti litere pa bedi ndi pa chakudya. Kolopani ndi madzi a sopo, pukutani mawindo ndi matebulo ndi nsalu yonyowa, tsukani zidole, ndipo ana asambe m'manja asanadye chilichonse, ngakhale chiwamba cha chimanga, komanso asanagone. Zikhadabo muziwawenga. Pabwalo pomwe panaotchedwa mawaya kapena kuthiridwa asidi, bambo anyowetse kaye, apale dothi la pamwamba, aliike m'matumba, kenako aphimbe malowo ndi simenti, njerwa kapena dothi lochokera kwina. Chakudya chikhale chovundikira. Fumbili likagwera m'madzi, kuwiritsa sikuthandiza, mtovu suphedwa ndi moto. Pa zakudya, mwana asatuluke kukasewera m'mimba muli pululu. Usipa, kapenta ndi nsomba za m'chitini zodyera limodzi ndi minga yake zili ndi kashiamu, chimodzimodzi mkaka ndi chambiko chimene kuno amati amasi. Nyemba, mazira, chiwindi cha nkhuku, bonongwe ndi masamba ena obiriwira zimapereka ayironi, ndipo lalanje kapena tomato pambali zimathandiza thupi kuilandira. Zimenezi zimachepetsa mtovu umene thupi lingatenge, sizichotsa umene walowa kale. Muonenso mapoto anu. Aja osungunula kuchokera ku zitsulo zakutha, ogulidwa m'mbali mwa msewu, ofufuza a South African Medical Research Council aja anapeza kuti amatha kutulutsa mtovu ndi zitsulo zina m'chakudya.

Ku chipatala pitani sabata ino, musadikire zizindikiro. Tengani ana onse awiri ndi mabuku awo a ku sikelo a Road to Health, ndi khadi lanu la sikelo. Kuyeza mtovu m'magazi sikuchitika mwa chizolowezi, ndipo namwino amene ali ndi mzere wautali panja akamva chifuwa adzangopereka mankhwala a chifuwa. Ndiye nenani mosabisa kuti pakhomo pamaswedwa mabatire ndi ma TV, pamaotchedwa mawaya, ndipo mukupempha kuti anawa ndi inu muyezedwe blood lead level. Lembani mawu atatu amenewa pa kapepala ngati mukuopa kuiwala. Amatenga magazi pa mtsempha n'kuwatumiza ku labu ya boma ya NHLS. Kiliniki ikalephera, pemphani kalata yokutumizani ku chipatala chachikulu monga Rahima Moosa, Charlotte Maxeke kapena Chris Hani Baragwanath. Apempheninso ayeze ngati ana ali ndi magazi okwanira. Wamng'onoyo, poti chifuwa chapitirira masabata awiri ndipo sakudya bwino, ayenera kuyezedwanso TB, makamaka ngati sikelo yake yaima kapena kutsika, kapena amatentha thupi usiku. Musalole kuti nkhani ya utsi iphimbe zimenezi.

Zotsatira zimabwera ngati nambala yotsatiridwa ndi zilembo µg/dL. Malangizo a WHO a 2021 akuti ikafika 5 kapena kuposa, gwero la mtovu lifufuzidwe ndi kuchotsedwa. A bungwe la boma lolimbana ndi matenda la CDC ku America anatsitsa mlingo wawo wochenjeza kufika pa 3.5 chaka chomwecho. Pa manambala otsika ngati amenewa mankhwala ake ndi omwe ndafotokozawa: kuchotsa fumbi, chakudya chabwino, ayironi ngati magazi achepa, ndi kuyezanso patapita miyezi imene adokotala anene kuti tione ngati ikutsika. Mankhwala okoka mtovu m'magazi amaperekedwa kwa mwana nambala ikafika cha pa 45, m'manja mwa madokotala, ndipo sathandiza ngati mwanayo akubwerera pabwalo lomwelo la fumbi. Muno mu South Africa poizoni wa mtovu ali m'gulu la matenda amene chipatala chimayenera kudziwitsa a zaumoyo, ndiye musadabwe akabwera kudzaona pakhomo. Amenewo ndi a zaumoyo, cholinga chawo ndi kupeza gwero.

Ndikudziwa chimene chimaletsa anzathu ambiri kupita ku kiliniki: mapepala, ndi anthu oima pageti kubweza obwera. Mu April 2023 khoti lalikulu la ku Johannesburg linagamula, pa mlandu umene bungwe loteteza ufulu wa anthu la SECTION27 linakasuma, kuti amayi apakati, amayi oyamwitsa ndi ana osakwana zaka zisanu ndi chimodzi ali ndi ufulu wolandira chithandizo chaulere m'zipatala zonse za boma, posayang'ana dziko limene achokera kapena mapepala awo. Inu ndi wamng'onoyo muli m'gulu limeneli. Akakubwezani pamalo amodzi musabwerere kunyumba n'kukhala, yesani kiliniki ina, pitani ndi mnzanu wodziwa chizulu kapena chisotho, ndipo ngati zikanika dziwitsani mabungwe ngati lomwelo kapena Lawyers for Human Rights.

Pali zina zosadikira mzere wa ku kiliniki. Mwana akamasanza mosalekeza, akamawodzera osadzutsika bwino, akayamba kudzandira poyenda kapena akagwa linjirinjiri, akamapuma mothamanga nthiti zikulowa m'kati, thamangani naye ku chipatala. Pa foni ya m'manja imbani 112. Asidi wa batire akamugwera pakhungu kapena m'maso, tsukani ndi madzi oyenda ambiri kwa mphindi zosachepera 20 musananyamuke. Nambala ya Poisons Information Helpline ndi 0861 555 777, imayankhidwa usana ndi usiku, isungeni m'foni.

Za wamkulu uja, musafulumire kumuika chizindikiro chakuti ubongo wake waonongeka. Mwana amene kunyumba amayankhula Chichewa, pamsewu chizulu, m'kalasi chingerezi, amatha kuoneka wosamvetsera pomwe akungovutika kutsatira. Njala, tulo tosakwana m'chipinda chimodzi chothithikana, maso kapena makutu osaona ndi kumva bwino, zonsezi zimabweretsa dandaulo lomwelo la aphunzitsi. Ayezedwe magazi, maso ndi makutu, ndipo mukambirane ndi aphunzitsiwo kuti amukhazike kutsogolo. Ngakhale atapezeka ndi mtovu, zimene zatayika sitingazibweze ndi mankhwala, koma ana amene achotsedwa pa fumbi, akudya bwino, akuyankhulidwa, kuwerengeredwa ndi kuthandizidwa homuweki amapita patsogolo ndithu. Wobadwayo akadzafika mudzamuyamwitse monga mwa nthawi zonse, pokhapokha nambala yanu itapezeka yokwera kwambiri, ndipo zimenezo adzakuuzani ndi adokotala.

Zotsala zimene sikirapu sagula, monga magalasi a TV, machubu ndi mapulasitiki, zisaunjikidwe kuseri kwa chimbudzi. Kuyambira 2021 malamulo a dziko lino amaletsa kutaya zamagetsi zoopsa kumtaya wamba, ndipo amakakamiza makampani opanga ndi kuitanitsa zinthuzi kuti azilipirira kuzitolera. Malo ena olandirira zinyalala a Pikitup, kampani yotola zinyalala ya mzinda uno, amalandira zamagetsi, ndipo masitolo ena akuluakulu ali ndi mabini a mababu ndi mabatire. Bambo afunse kwa otola anzawo malo apafupi, komanso za kalembera wa otola zinyalala, poti olembedwa amakhala ndi mwayi wogulitsa kwa makampani ovomerezeka.

Ngati pabwalopo pali mabanja ena a ana aang'ono, auzeni amayi awo kuti nawonso akayezetse, fumbi silidziwa chitseko cha mwini wake. Ndipo bambo pitani nawo limodzi. Iwo ndi amene akupuma utsi wambiri, ndipo mwa akuluakulu mtovu umakweza BP, umaononga impso, umabweretsa mutu ndi m'mimba mopota, umachepetsanso mphamvu yobereka. Ayezedwe magazi ndi BP, alandire katemera wa kafumbata ngati papita zaka khumi asanabayitse, chifukwa mabala a zitsulo ndi magalasi sawasowa. Abambo ambiri amene amatsutsa mawu a akazi awo ndawaona akusintha ataona nambala yawo pa pepala la ku labu.